Khansala wa pamaliro tamuona, nanga wa mu khonsolo ali kuti?

Pa pulogalamu ya mafoni pa wailesi yathu, tikangoyamba nkhani ya makhansala timadziwiratu zimene woyamba kutuma foni adzanene. "Athu aja ndi munthu wa anthu, pamaliro sasowa." Wachiwiri amawonjezera kuti mayi ake atamwalira a khansala anabwera ndi thumba la unga ndi makabichi, ndipo motoka yonyamula bokosi anapeza ndi iwo. Wachitatu amatchula majezi amene anagulira timu ya bola. Ndiye timafunsa funso limodzi chabe: nanga mu khonsolo analankhulako chiyani za wadi yanu chaka chino? Foni imangoti zii, kenaka timamva kuti talktime yatha.

Tamva mayankho amenewa kuchokera ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi mpaka tatopa nawo, ndipo lero tikufuna kunena poyera kuti vuto lalikulu lili pa ife ovota. Tatenga udindo umene malamulo anaupanga kuti uziyang'anira misika, madzi, misewu ya m'makomboni ndi mamiliyoni a CDF, n'kuusandutsa ntchito yogula mabokosi. Khansala wochenjera anaona kale chimene timayesera munthu, ndiye amatipatsa chomwecho. Amakhala pa mpando wakutsogolo pamaliro alionse, dzina lake limatchulidwa ndi wolengeza zopereka, ndipo zaka zisanu zimatha popanda wom'funsa za mjigo umene unafa chaka chatha.

Tisamvane molakwika. Maliro kwathu kuno si nkhani yamasewera. Munthu amene sapita ku maliro a anzake tonse timamudziwa, ndipo tsiku lake likadzafika adzaona mmene anthu adzakhalire patali. Khansala ndi mnansi ngati wina aliyense, ayenera kupita kukakhuza, kugona pa siwa ngati angathe, ndi kuponya kangachepe m'mbale monga amachitira aphunzitsi, a mpingo ndi ogulitsa pa msika. Koma zimenezo ndi umunthu umene tonse tili nawo ngongole. Palibe amene amaimirira pa mzere kuyambira m'bandakucha ndi NRC ndi khadi yovotera m'manja kuti asankhe munthu wokhuza maliro. Okhuza maliro tili nawo kale mudzi wonse.

Onani mmene timafotokozera mbiri ya munthu nthawi ya kampeni. Timati ndi mwana wa a uje, anabadwira pompano, mchombo wake uli m'mudzi muno. Timati anali mphunzitsi, kapena ndi mkulu wa mpingo, kapena amagula soya ndi nshawa ndipo sikelo yake sinabepo munthu. Zonsezi n'zabwino kuzidziwa. Koma pali mbali ina ya mbiri imene sitifunsa konse. Kodi munthuyu anasungapo ndalama za gulu, kaya za kopaletivu, za PTA kapena za village banking, ndipo pamene chaka chinatha anawerenga lipoti pamaso pa anthu? Kodi anakanapo m'bale wake chinthu chimene m'baleyo sanayenere kulandira? Kodi anatsutsapo munthu wamkulu kuposa iye pamsonkhano, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo? Ntchito ya ukhansala ili pa zinthu zitatu zimenezi. Mchombo suwerenga bajeti.

Malamulo a dziko amene anasinthidwa mu 2016 ananena kuti wofuna ukhansala akhale ndi zaka 19 kupita m'mwamba, azikhala m'boma limene akufuna kuimira, akhale wolipira misonkho yake, ndipo akhale ndi satifiketi ya giredi 12 kapena yofanana nayo. Lamulo la giredi 12 linawawa anthu ambiri, ndipo ife sitinganame kuti linalibe zoipa zake. Linatsekera kunja amayi ndi madoda amene anatsogolera makomiti a zitsime ndi a sukulu kwa zaka zambiri koma sukulu anailekera panjira chifukwa cha umphawi, ukwati waubwana kapena kuweta ng'ombe. Ena mwa iwo akanaimira mawadi awo bwino kuposa ma satifiketi amene tinasankha. Koma popeza lamulolo lilipo, tiligwiritse ntchito. Khansala aliyense amene ali pa mpando lero anauza dziko kuti amatha kuwerenga. Ndiye atiwerengere zimene zalembedwa m'mapepala a khonsolo, azimasulire m'Chinyanja, pansi pa mtengo kapena m'kalasi, ambuya athu amve.

Ntchito yake yeniyeni ndi iti? Khonsolo ndiyo imayendetsa misika ndi masiteshoni a mabasi, kuchotsa zinyalala, kupereka malaisensi a mashopu ndi mabala, kuyendera ukhondo wa malo ogulitsira zakudya, kukonza misewu ing'onoing'ono ndi ngalande, kusamalira manda a m'tauni, ndi kukonza mapulani a mapuloti m'malo amene ali m'manja mwake. Great East Road imene imadutsa pa Sinda ndi pa Katete ndi ya RDA, khansala sangaithire tara ngakhale atalonjeza motani. Koma kamsewu kolowera ku komboni kwanu, chimbudzi cha pa msika, ndi bala limene limaliza nyimbo mpaka mbandakucha pafupi ndi sukulu, zimenezo zili pa tebulo pake. Makhansala onse, pamodzi ndi wapampando wa khonsolo amene kuyambira 2016 timasankha tokha pa voti, ndi mafumu osapitirira atatu oimira mafumu a m'bomalo, amakumana pa msonkhano waukulu wa khonsolo kosachepera kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Msonkhano umenewu ndi wotsegukira anthu. Mungathe kulowa, kukhala kumbuyo ndi kumvetsera. Tidzifunse tokha kuti ndi angati mwa ife amene anapondako.

Tsopano tikambe za ndalama, chifukwa apa ndi pamene nkhani yasinthira. CDF inayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri inali kandalama kongokwanira kufolera kalasi imodzi kapena awiri. Mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Mu bajeti ya 2022 inadumpha kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Mukaphatikiza zaka zinayi zimenezi mupeza K120.7 miliyoni pa konstityuwensi imodzi. Pa masankho a 2021 Katete inali ndi Mkaika ndi Milanzi, Sinda inali ndi Sinda ndi Kapoche, Vubwi inali ndi imodzi ya Vubwi. Ndiye kuti mu chaka cha 2025 chokha bajeti inalemba K180.5 miliyoni ya maboma athu atatuwa. Ndalama yolembedwa mu bajeti ndi ndalama imene yafika n'kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kumeneko ndiko khansala ayenera kutifotokozera. Ife tikuombera m'manja thumba la unga pamene pakhomo pathu pakudutsa mamiliyoni amene sitidziwa kumene akhotera.

Njira ya ndalama imeneyi si yachinsinsi. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko mu wadi iliyonse, imene ambiri timangoti WDC. Wadi imagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse imasankha woiimira. Mu komitiyo mumakhalanso alangizi a zaulimi, a zaumoyo, a zamaphunziro, woimira mfumu, woimira achinyamata, ndi khansala mwini wake. Pempho la mjigo, la ulalo, la nyumba ya aphunzitsi kapena la chipinda cha amayi oyembekezera limayambira pa zoni, n'kupita ku WDC, n'kukafika ku komiti ya CDF ya konstityuwensi, mmene mulinso makhansala ena. Mafomu a bursary ya ana a ku sekondale yogonera komweko ndi ya maphunziro a ntchito zamanja amadutsa momwemo. Ndalama zothandizira makalabu a amayi ndi achinyamata, zaulere ndi za nkhongole, njira yake ndi yomweyo. Choncho khansala akamati sadziwa chifukwa chake pempho lanu linagwa, pali zinthu ziwiri: kapena sapita ku misonkhano imene tinamutuma, kapena akudziwa koma safuna kuti inu mudziwe. Zonse ziwiri ndi mlandu.

Wina anganene kuti tikukokomeza, zinthu za makomiti ndi mapepala sizipha munthu. Anthu a ku Vubwi angamuyankhe. Mu January 2023 kolera inabuka m'boma limenelo, la m'malire ndi Malawi ndi Mozambique, pa nthawi imene matendawa anali atavuta kwambiri ku Malawi. Kolera imayenda ndi madzi akuda ndi kusowa kwa zimbudzi. Mjigo umene unafa n'kukhala miyezi osakonzedwa, msika wopanda chimbudzi, chitsime chosaphimba pafupi ndi dzala, zimenezi ndi zinthu zimene zimayenera kumveka mu WDC ndi mu khonsolo matenda asanafike. Khansala amene anakhala chete pa za madzi, n'kubwera ndi bokosi mwana atamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, sitiyenera kum'thokoza pamaliropo. Tiyenera kudikira maliro athe, tim'khazike pansi, tim'funse kumene anali.

Kumbukiraninso chilala cha 2024. Pa 29 February chaka chimenecho a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo kuno kum'mawa tinaona chimanga chikuuma chisanabereke. Pulogalamu ya Cash for Work inabwera kudzera m'makhonsolo, anthu akulambula misewu ndi ngalande kuti alandire K600. Pa nthawi ya njala, dzina lako kukhala pa mndandanda kapena kusakhalapo ndiko kusiyana kwa kudya ndi kugona ndi njala. Amene ali ndi mawu pa kalembedwe ka mndandanda wotere ali ndi mphamvu yaikulu kuposa imene timaganiza. Mphamvu imeneyo timaipereka kwa munthu chifukwa anagula majezi.

Ndipo tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa masamu ake ndi osavuta. Khansala salandira ndalama ngati ya phungu wa ku nyumba ya malamulo. Wadi imodzi ili ndi midzi yambirimbiri, ndipo sabata siitha popanda maliro. Ngati tikufuna kuti pa maliro alionse abweretse unga, pa ukwati ulionse aponye, wodwala aliyense am'pezere mafuta a motoka, mwana aliyense am'gulire yunifomu, ndalama imeneyo aitenga kuti? Munthu woona mtima amasauka n'kugwa pa masankho otsatira, ife tikuti ngwoumira. Wosaona mtima amapeza njira. Amanong'onezana ndi kontrakita, amalowetsa dzanja pa nkhani za mapuloti, amalembetsa kalabu ya mkazi wake ndi azilamu ake kuti ilandire ndalama za achinyamata. Pambuyo pake amatibwezera kachidutswa ka ndalama yathu yomwe ngati chipepeso, ife n'kuimba nthungululu. Walira mvula walira matope. Katangale amene timadandaula naye pa Facebook, mbali ina timamuweta tokha ndi zopempha zathu.

Makhansala ena amatiuza kumbali, maikolofoni atazimitsidwa, kuti anthu sadziwa mmene zinthu zilili. Amati mphamvu zenizeni zili ndi akuluakulu a maofesi a khonsolo, kuti phungu ndiye ali ndi mawu aakulu pa komiti ya CDF, kuti kugula zinthu za boma kumachedwa, kuti ukalankhula kwambiri chipani chimakuika pambali ndipo sudzaimanso. Zambiri mwa izi n'zoona ndipo sitikuzikana. Koma yankho lathu ndi lakuti, zimene mumatiuza kumbalizo kaziuzeni anthu amene anakusankhani. Itanani msonkhano wa wadi, munene kuti tinapempha mijigo isanu, yavomerezedwa iwiri, itatu inakanidwa pa chifukwa chakuti, ndipo ine ndinatsutsa, onani pamene zinalembedwa. Anthu a kumudzi si ana. Amadziwa kuti munthu sapambana mlandu uliwonse. Chimene sangakhululuke akadzazindikira ndi chakuti munawabisira. Khansala amene amaopa chipani kuposa mmene amaopera wadi yake asankhe bwino amene akumugwirira ntchito, ndipo ife tim'thandize kusankhako pa tsiku la voti.

Amene amati ukhansala ndi kampando kopanda ntchito aiwala mbiri ya maboma athu omwe. Malemu Michael Sata, asanakhale chilichonse chachikulu, anali wapolisi, anagwira ntchito ya njanji, ndipo ndale za maudindo anaziyambira pa ukhansala wa wadi ya Bauleni, komboni ya mu Lusaka, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1985 anakhala bwanamkubwa wa Lusaka, ndipo anthu anam'dziwa chifukwa cha zinthu zooneka ndi maso: kuyeretsa mzinda, kukonza misewu, kumanga maulalo. Mungamukonde kapena kumuda, ndipo ife tili nazo zathu zimene tingam'tsutse, koma dzina lake linakula ndi ntchito za khonsolo. Atakhala pulezidenti mu 2011, ndi iye amene mu 2012 anapanga Sinda ndi Vubwi kukhala maboma paokha. Kale wa ku Vubwi ankapita ku Chadiza pa nkhani iliyonse ya boma, wa ku Sinda ankapita ku Katete kapena ku Petauke. Cholinga chinali chakuti ofesi ifike pafupi ndi munthu. Ofesi inafikadi pafupi. Ife ndi amene sitinasendere.

Ndipo tisanamizane kuti mipando imeneyi ndi ya madoda a imvi okha. Buumba Malambo anasankhidwa kukhala khansala wa wadi ya Magoba ku Kafue mu 2016 asanafike zaka 30, ndipo mu 2021 anakhala wapampando wa khonsolo ya Kafue. Pafupi pompa pa Chipata, George Mwanza anapambana umeya mu 2021 ali woima payekha, nayenso asanafike zaka 30. Mmene agwirira ntchito aweruze ndi anthu a ku Kafue ndi a ku Chipata. Ife tikungoonetsa kuti chitseko n'chosakhoma. Wachinyamata wa ku Katete amene ali ndi giredi 12, amene amatha kulemba ndemanga zazitali pa WhatsApp za mmene dziko laonongekera, angathe kuyamba ndi kuimira zoni yake mu WDC. Mpando umenewo ulibe malipiro, n'chifukwa chake ambiri sitiufuna, koma mndandanda wa bursary umayambira pamenepo.

Ambiri amene mukuwerenga pano muli ku Lusaka, ku Chawama, ku Mtendere, ku Kanyama, kapena ku Chipata ku Kapata ndi ku Mchini. Kumudzi mumabwera pa Kulamba kumapeto kwa August, kudzaona Gule Wamkulu ku Mkaika, ndi pamaliro. Mungaganize kuti nkhani ya khansala wa kumudzi si yanu. Koma foni ikalira usiku kuti amayi adwala ndipo kiliniki ili kutali, ndi inu amene mumatumiza ya transport pa Airtel Money. Mng'ono wanu akasowa bursary chifukwa fomu yake inasowa m'njira, fizi ndi yanu. Ulalo ukakokoloka ndipo soya yalephera kufika pa msewu, amene amagula unga wa banja lonse ndi inu. Mumalipira msonkho ku boma, kenaka mumalipiranso kachiwiri chifukwa wina sanagwire ntchito imene msonkhowo unayenera kugwira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ifenso a pa wailesi tili ndi mlandu wathu, ndipo tiuvomere. Kangati tawerenga uthenga wa maliro n'kutchula dzina la khansala ndi zimene wapereka, ngati kuti ndi nkhani? Kangati tam'patsa ola lathunthu lolipiridwa kuti adzitamande, ife n'kumangoti "zoona, a khansala" chifukwa ndalama yakeyo ndiyo igule mafuta a jenereta magetsi akapita? Kangati talandira ya transport pambuyo pa mwambo wopereka madesiki, n'kuiwala kufunsa kuti desiki imodzi inagulidwa zingati? Wailesi ya anthu imakhala movutika, ambiri a ife sitilandira malipiro, koma umphawi wathu usakhale chifukwa chogulitsira maikolofoni. Kuyambira December 2023 dziko lino lili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga ku maofesi a boma. Malipoti a Auditor General onena za makhonsolo ndi CDF amatuluka poyera ndipo ali pa intaneti. Ngati ife amene tili ndi mpata wolankhula ndi maboma atatu nthawi imodzi sitiwawerenga, tisadabwe kuti omvera athu amangodziwa za makabichi.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Mukadzakumana ndi a khansala anu, kaya pa msika, kaya pa tchalitchi, apatseni moni mwaulemu wonse, kenaka muwafunse kuti msonkhano wa WDC wapitawu unachitika liti ndipo wotsatira udzakhala liti. Afunseni mapulojekiti amene wadi inapempha chaka chino, amene anavomerezedwa, mtengo wake ndi dzina la kontrakita. Afunseni kuti ana angati a mu wadi ali pa bursary ndi kuti mndandanda wake wamatidwa pati. Afunseni makalabu amene analandira ndalama ndi eni ake. Afunseni tsiku la msonkhano waukulu wa khonsolo, ndipo tsikulo mupiteko awiri kapena atatu, mukhale kumbuyo ndi kope. Amene muli kutali, tumizani mafunso omwewa pa gulu la WhatsApp la kumudzi, ndipo mutume mng'ono wanu akamve yankho. Khansala wogwira ntchito adzakondwera, chifukwa kwa nthawi yoyamba wina adzaona thukuta lake la m'makomiti limene palibe amaliombera m'manja. Amene adzakwiya n'kukufunsani kuti ndinu mwana wa ndani, wakuyankhani kale.

Masankho a dziko lino amachitika pa Chinayi chachiwiri cha mwezi wa August zaka zisanu zilizonse, ndipo pepala la khansala ndi limene ambiri timachonga mothamanga, kungotsata chizindikiro cha chipani chimene tachongera pulezidenti. Pepala limenelo tiziliyang'ana kawiri. Pa wailesi yathu tagwirizana kuti khansala aliyense wobwera mu situdiyo azibwera ndi mapepala a msonkhano wa WDC wapitawu, ndipo funso loyamba lizichokera m'menemo. Za maliro tidzawathokoza tikakumana ku manda, monga timathokozera wina aliyense.